Mpweya Wotentha Pakati pa Milalang'amba: Mafunso ndi Mayankho

Kodi gulu la milalang'amba n'chiyani?

Mlalang'amba wathu uli ndi nyenyezi zoposa 100 biliyoni, koma kuthambo kuli malo amene milalang'amba yambirimbiri yaunjikana pamodzi, yomangidwa ndi mphamvu yokoka. Gulu la Coma lili ndi milalang'amba yoposa 1,000, ndipo kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 300 miliyoni kuti kutipeze.

Nanga pakati pa mlalang'amba ndi unzake pali chiyani?

Ndi maso mungati palibe kanthu. Koma setilayiti ya Uhuru, imene inaulutsidwa mu 1970 kuchokera kugombe la Kenya, inaonetsa kuti magulu amenewa amatulutsa X-ray, yomwe ija amatijambulira mafupa kuchipatala. Gwero lake ndi mpweya wopyapyala zedi, wotentha madigiri 10 miliyoni mpaka 100 miliyoni. Kulemera kwa mpweyawo kumaposa kangapo kwa nyenyezi zonse za m'gululo.

Kodi mpweyawo umaichita chiyani milalang'amba?

Apa m'pamene pagona nkhani. Nyenyezi zatsopano zimabadwa kuchokera ku mpweya wozizira umene mlalang'amba umasunga. Mlalang'amba ukamagwera m'gulu, pa liwiro la makilomita pafupifupi 1,000 pa sekondi, mpweya wotentha uja umauwomba mwamphamvu n'kuulanda mpweya wake wozizira, ngati mmene mphepo imatengera mankhusu popeta, chimanga n'kutsala m'lichero. Nyenyezi zimatsala, koma chobalira zina chapita. James Gunn ndi Richard Gott anafotokoza zimenezi mu 1972, ndipo lero zimaoneka pa zithunzi: mlalang'amba wa ESO 137-001 ukukoka mchira wautali wa mpweya kumbuyo kwake, ndipo mumchiramo mukubadwa nyenyezi kunja kwa mlalang'ambawo. N'zomvetsa chisoni ndithu kuona mlalang'amba wathunthu ukuleka kubala. Nyenyezi zake zabuluu, zomwe sizikhalitsa, zimafa msanga, n'kutsala zofiira zokalamba.

Tikudziwa bwanji kuti kale zinthu zinali zosiyana?

Kuwala kochokera kutali kunanyamuka kalekale, choncho kumationetsa mmene zinthu zinalili panthawiyo. Mu 1978, Harvey Butcher ndi Augustus Oemler anapeza kuti magulu akutali ali ndi milalang'amba yabuluu (yomwe ikubalabe nyenyezi) yambiri kuposa magulu apafupi.

Nanga mpweya wotenthawo umasintha?

Inde. Mu 1976 akatswiri anapeza kuti mu mpweya wa gulu la Perseus muli chitsulo, chimene chinaphikidwa ndi nyenyezi n'kumwazika zitaphulika. Komanso pakatikati pa gulu mpweyawu unayenera kuzizira n'kubala nyenyezi zochuluka, koma sutero kwenikweni. Telesikopu ya Chandra, youlutsidwa mu 1999, inajambula mphako zikuluzikulu mu mpweya wa Perseus. Zinakumbidwa ndi mphamvu yotuluka pafupi ndi black hole (malo a mphamvu yokoka yaikulu moti ngakhale kuwala sikutulukamo) ya mlalang'amba wa NGC 1275 wa m'gululo, ndipo akatswiri ambiri amati mphamvu imeneyi ndi imene imautenthetsanso mpweyawo usanazizire.