Buku lodikira holide

Pali mawu amene akwirira mabuku, nyimbo ndi masewero ambiri m'dziko muno: "Ndidzalemba ndikapeza mpata." Owanenawo kawirikawiri si alesi ayi. Ndi anthu olimbikira amene dzuwa limawalowera ntchito ili m'manja. Tamvani zimene zidachitikira mphunzitsi wina wa ku Ntcheu.

Ali ku koleji ya aphunzitsi ankadziwika ndi ndakatulo, ndipo sewero likafunika anzake ankathamangira kwa iye. Kumudzi adali ndi agogo ake aamuna amene adaona njala ya 1949 ndi maso awo, napitanso ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Ankasimba za ulendo, za m'makomboni, ndi za m'mene ulendowo udatsekedwera ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown mu 1974. Mnyamatayo adagula kope lachikuto cholimba, nati mbiri imeneyi idzakhala buku. Adayamba bwino, nadzaza masamba angapo.

Kenaka kudabwera 1994. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana m'sukulu za dziko lino adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Kalasi yake idasefukira mpaka pansi pa mtengo. Madzulo ankabwera ndi mulu wa makope pa njinga.

Tsiku lina nkhalamba ija idamuitana pakhonde.

"Mdzukulu wanga, tabwera nalo kope lako lija. Lero ndakumbukira nyimbo imene tinkayimba m'sitima."

"Pepani agogo, ndili ndi makope oti ndichonge. Tidzakhale pansi bwinobwino pa holide."

"Chabwino, aphunzitsi. Koma mutu wangawu sudziwa holide."

Holide idafika ndi zake. Kumunda kudali kupalira ndi kubandira, masikimu a teremu yotsatira ankadikira, ndipo ganyu ya kalembera kapena ya chisankho sakadaikana poti malipiro adali ochepa. Popeza ankalemba bwino, mpingo udamusankha kukhala mlembi. Komiti ya ukwati ikakhala, mlembi ndi iye. Maliro akagwa, mbiri ya malemu ndi iye. Chaka ndi chaka cholembera sichidachoke m'dzanja lake, koma chinkalemba za eni ake. Agogo aja atamwalira, mbiri yawo adailemba usiku wa pa siwa, ndipo idakwana theka la tsamba.

Atakwanitsa zaka 60 adapuma pa ntchito. Adaika tebulo pafupi ndi zenera, nagula mapepala ndi cholembera chatsopano, natulutsa kope lija m'sutikesi. Chiswe sichidalikhudze, mvula sidalinyowetse. Koma atalitsekula adapeza zinthu zotere: "Njala: gaga, mayi aja a kudambo." Pansi pake: "Mlamu wa ku Francistown, ndidzafunsenso." Patsamba lina padali mutu wokha, "Nyimbo ya m'sitima", ndipo kunsi kwake kudali koyera. Mayi a kudambo adali yani? Adachita chiyani ndi gagayo? Amene akadayankha onse adali kumanda.

Adayesa kulemba za m'mutu mwake. Chiganizo choyamba chinkamuonekera chopepuka, n'kuchifufuta. Chachiwiri chinkamveka ngati maminitsi a msonkhano wa mpingo. Masana akazi ake ankasuzumira.

"Bambo, mwakhala pamenepo kuyambira m'mawa. Zikuyenda?"

"Mayi, mutu wauma. Kaya luso lija lidapita kuti."

Lusolo silidapite kwina, ndipo palibe adamuchita chipongwe. Zinthu zitatu zidamuchitikira, ndipo zimachitikira aliyense wozengereza. Choyamba, nkhani siidikira mwini wake: timawu tachidule timene umalemba lero timamveka chifukwa zonse zikadali m'mutu, koma pakapita zaka timasanduka zilapi zopanda womasulira. Chachiwiri, luso lili ngati njira ya kudimba. Ukasiya kupitamo imamera thengo, ndipo tsiku lobwerera umayamba ndi kulambula m'malo moyenda. Chachitatu ndicho choopsa: buku likakhalitsa m'maganizo limakula kuposa mwini wake. Munthu amene wadikira zaka zambirimbiri amafuna kuti mzere woyamba ulipire zaka zonsezo, ndipo palibe mzere ungathe kutero. Manyazi ndi mantha zimamugwira dzanja.

Tikayang'ana amene adasiya mabuku m'manja mwathu, sitipeza anthu a mpata. Samuel Josia Ntara adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndi makalasi ake ndi ntchito za mpingo, pamene adalemba Nthondo. Bukulo lidapambana pa mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa, lidatuluka mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young adalitulutsa m'Chingerezi. Ntara yemweyo adayenda kwa akuluakulu akadali moyo natisiyira Mbiri ya Achewa.

Jack Mapanje adamangidwa mu 1987 nakhala m'ndende ya Mikuyu, kufupi ndi Zomba, mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Kumeneko pepala ndi cholembera zidali zoletsedwa. Ankapeka ndakatulo m'mutu n'kumazibwereza kuti zisathawe, ndipo mu 1993 adatulutsa The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison. Buchi Emecheta wa ku Nigeria adalera yekha ana asanu ku London, akugwira ntchito ndi kuphunzira pa yunivesite, ndipo ankalemba m'mamawa ana asanadzuke. Asanapatukane, mwamuna wake adamutenthera zolemba za buku lake loyamba. Adalilembanso, likutchedwa The Bride Price, ndipo lidatuluka mu 1976, mabuku ake ena awiri atatuluka kale.

Anthu amenewa sadali ndi maola ochuluka kuposa athu. Adangokana kulekanitsa nthawi yokhala ndi moyo ndi nthawi yolemba. Tsono inu amene muli ndi nyimbo, sewero kapena buku m'mutu, chepetsani muyeso mpaka ukwane m'tsiku lanu lenileni, osati m'tsiku lolota. Mphindi 15 zikwana. Zimangirireni ku chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse: madzi osamba akamatentha, minibasi ikamadikira kudzaza pa depoti, kapena ana akangogona. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Wolemba mizere isanu patsiku amapezeka ndi mizere yoposa 1,800 pakutha pa chaka.

Polemba, lembani chiganizo chathunthu chimene mlendo angachimve, osati chizindikiro chodalira kukumbukira kwanu. Ngati nkhani ili mkamwa mwa munthu wamkulu, foni yanu imajambula mawu. Pemphani chilolezo, ikani pamphasa, mufunse lero. Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Ndipo lolani kuti zoyamba zituluke zoipa. Tsamba loipa limakonzeka mawa, koma tsamba loyera mulibe pogwira. Mutu ukauma, musakhale n'kumayang'ana pepala: lembani zimene mwamva pamsika, m'mene mayi wogulitsa tomato wayankhira wonenerera, kapena mawu amene mwana wanu wapotoza. Posiya, siyirani pamene mukudziwa chotsatira, kuti mawa musayambire pouma.

Pezaninso mnzanu woti azikufunsani. Gulu la alembi la ku Chancellor College, limene lidayamba mu 1970 ndipo Mapanje adali mmodzi wa oliyambitsa, linkakumana sabata ndi sabata kuwerengerana ndi kudzudzulana zolemba. Munthu akadziwa kuti anzake akudikira, amapeza nthawi imene ankati palibe. Inu simusowa koleji. Anthu awiri kapena atatu pa WhatsApp kapena pansi pa mtengo akwana.

Chovuta kwambiri pa chikhalidwe chathu ndi kukana. Maliro sitithawa, odwala sitiwasiya, ndipo nyengo zotere zikafika muyeso utsike mpaka mzere umodzi popanda kudziimba mlandu. Koma si komiti iliyonse imene ingagwe inu mukapanda kukhala mlembi. Kunena kuti "pepani, ulendo uno asankhidwe ena" si mwano.

Ngati muli ndi kope limene mudalisiya, litulutseni usiku uno. Werengani tsamba lomaliza, muwonjezerepo mizere itatu, ndipo ngati pali munthu wamoyo woti mumufunse, muyimbireni foni mawa m'mawa.