Phunziro: Kujambula Munthu Kuwala Kuli Kumbuyo Kwake

Ojambula ambiri anaphunzitsidwa kuti dzuwa lizikhala kumbuyo kwa wojambula, n'cholinga choti nkhope ya wojambulidwa ioneke bwino. Lamuloli ndi loyenera pa chithunzi cha chiphaso kapena cha ukwati. Koma lero tiliphwanya mwadala: timuimika munthuyo pakati pa kamera ndi kuwala.

Tiyambe tamvana pa mawu atatu. Silhouette ndi chithunzi chimene munthu amaoneka wakuda bii pamene kumbuyo kwake kuli kowala. Maso ndi mtundu wa zovala sizioneka, chotsala ndi kaumbidwe ka thupi lake basi. Exposure ndi kuchuluka kwa kuwala kumene kamera imalola kulowa pojambula. Mita ndi kachipangizo ka m'kati mwa kamera kapena foni kamene kamayeza kuwala n'kusankha exposure.

Diso la munthu limatha kuona thambo lowala ndi nkhope ya mumthunzi pa nthawi imodzi, koma kamera imalephera. Mita yake inapangidwa kuti izifuna kuwala kwapakatikati, ndiye ikaona munthu ali mumthunzi imawonjezera kuwala. Mapeto ake thambo limayera mbee, ndipo munthuyo amatuwa, osada osaoneka. Ntchito yanu ndi kuiletsa kamera kuchita zimenezi.

1. Sankhani nthawi ndi malo. Kuwala koyenera kumapezeka dzuwa likamatuluka kapena likamalowa, chifukwa limakhala m'munsi, molunjika kumbuyo kwa munthu. Tengani chitsanzo cha Nyanja ya Malawi. Ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay gombe linayang'ana kum'mawa, choncho muyenera kulawirira m'bandakucha. Ku Cape Maclear dzuwa limalowera cha kumadzi, ndiye mudikire madzulo. Kuno kwathu mdima umagwa msanga dzuwa likangolowa, choncho fikani nthawi ilipo. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi ndi fumbi zimalifiiritsa dzuwa n'kulifooketsa, ndipo kulijambula kumaphweka.

2. Muimikeni bwino munthuyo. Pa mfundo zonse za phunziroli, iyi ndi imene ndimaiona yofunika koposa, chifukwa nkhope ikabisika, kaimidwe ndiko kamanena zonse. Munthu akayang'ana kamera, mutu wake umangokhala chibulunga chakuda, ndipo ngakhale mayi ake sangamuzindikire. Mutembenuzeni ayang'ane kumbali, kuti chipumi, mphuno, milomo ndi chibwano zioneke m'mphepete mwa kuwalako. Manja asakhudze thupi: pakati pa chigongono ndi chiuno pazidutsa kuwala, ndipo miyendo italikirane pang'ono. Msodzi amene wanyamula nkhafi paphewa amadziwika nthawi yomweyo, koma akaikumbatira pachifuwa nkhafiyo imasowa mumdima wa thupi lake. Ngati anthu ali awiri, asiye mpata pakati pawo, kupanda kutero aoneka ngati munthu mmodzi wa mitu iwiri.

Pa mfundo yomweyi, yang'anani zimene zili kumbuyo kwake. Chinthu chakuda chilichonse, kaya ndi mtengo kapena phiri, chimameza munthu amene waima patsogolo pake. Gwadani kapena khalani pansi kuti kamera iyang'ane chokweza, thupi lonse likhale pathambo. Onetsetsaninso kuti mzere umene thambo limakumana ndi madzi usadutse pakhosi pake.

3. Yezani kuwala kwa thambo, osati kwa munthu. Pa foni, gwirani ndi chala mbali yowala ya thambo pagalasi, chalacho chikhalitse pomwepo mpaka foni itseke muyeso wake, kenako tsitsani kachizindikiro ka dzuwa kufikira munthuyo atada. Zimitsani fulashi. Zimitsaninso HDR ngati foni yanu imalola. Imeneyi ndi njira yophatikiza zithunzi zingapo kuti malo amdima awale, ndipo ndiyo imawononga silhouette pa mafoni ambiri. Pa kamera yaikulu, ikani ISO, kutanthauza mphamvu ya kamera yomva kuwala, pa 100. Aperture, kabowo kolowera kuwala mu lenzi, ikhale pa f/8 kapena f/11. Kenako pezani batani lokhala ndi chizindikiro cha +/- ndipo tsitsani mpaka -1 kapena -2. Jambulani, onani, sinthani.

4. Samalani lenzi ndi maso anu. Kamera imavutika kulunjika pa chinthu chakuda, choncho ilozeni m'mphepete mwa mutu kapena phewa, pamene mdima wakumana ndi kuwala. Pukutani lenzi ndi kansalu kofewa, chifukwa kachidindo ka chala kamabalalitsa kuwala chithunzi n'kuchita chifunga. Dzuwa likachuluka mphamvu, libiseni kuseri kwa munthuyo. Musayang'ane dzuwa kudzera pa kagalasi kosuzumirira ka kamera, makamaka ndi lenzi yokokera zakutali, pakuti lingawononge diso.

5. Konzani chithunzicho mosapitiriza. Mapulogalamu monga Snapseed, yomwe ndi yaulere, kapena Lightroom ali ndi zida zokwanira. Chida cholembedwa Shadows chimalamulira malo amdima: chitsitseni mpaka mabatani a malaya ndi zina zotsalira zizimiririke. Cholembedwa Highlights chimalamulira malo owala kwambiri: chitsitseni pang'ono kuti mitambo ibwerere. Mungathe kuwonjezera kufiira kwa thambo, koma apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Thambo likafiira ngati chitenje chatsopano, woona aliyense amadziwa kuti mwalipaka. Kulitsani chithunzicho n'kuyang'ana m'mbali mwa munthuyo. Mukaona kamzere koyera komuzungulira, kapena thambo litagawika mizeremizere, bwezani pang'ono. Ngati kamera yanu ili ndi RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona, igwiritseni ntchito, chifukwa imapirira kukonzedwa kuposa JPEG. Dziwani komabe kuti palibe chida chimene chingalekanitse dzanja limene linamatirira ku thupi pojambula.

Amene muli kutali ndi nyanja, ntchito yoyeserera nayi. Masana, zimitsani magetsi m'chipinda, tsekani chitseko, ndipo phimbani zenera limodzi ndi nsalu yoyera yopyapyala. Mnzanu aime chammbali pafupi ndi zeneralo. Jambulani kamodzi foni itasankha yokha, kachiwiri mutayeza kuwala kwa nsaluyo, kachitatu mutamuuza akweze chibwano pang'ono, kenako muyerekeze zithunzi zitatuzo.