Phunziro la sabata ino: kupirira si kusiya ufulu wako pantchito



Ndinagwirapo ntchito pa shopu ina ya hardware kwa zaka ziwiri. Tinkayamba 7 koloko m'mawa, kuweruka dzuwa litalowa, Loweruka lomwe. Tsiku lina ndinafunsa abwana za ndalama ya ovataimu. Mawa lake anangondiuza kuti, "Usabwerenso." Popanda kalata, popanda notisi. Ndinapita kunyumba n'kumadziuza kuti riziki limachokera kwa Allah, basi ndipirire. Zoonadi riziki limachokera kwa Allah. Koma panadutsa miyezi isanu ndisanadziwe kuti lamulo linandipatsa miyezi itatu yokha yokadandaula ku ofesi ya Labour. Ndiye ndati ndikugawireni zimene ndinaziphunzira mochedwa.

Choyamba, lamulo lilipo ndipo mutha kuliwerenga pa foni yomweyi. Pa intaneti pali tsamba la MalawiLII, pomwe amaikapo malamulo a dziko lino ndi zigamulo za makhothi mwaulere. Sakani Employment Act ya 2000. Ndi Chingerezi cha maloya, inde, koma mfundo zake n'zomveka.

Sabata ya ntchito isapitirire maola 48. Maola owonjezera pa tsiku wamba amalipiridwa kamodzi ndi theka, pa tsiku lopuma kapena holide kawiri. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pachaka, wa masiku 5 ali ndi masiku 15. Alongo athu, tchuthi cha uchembere ndi masabata osachepera 8, malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu. Ndipo gawo 57 likuti munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, komanso ngati akumunena za khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza. Nkhani ikafika kukhothi, wolemba ntchito ndiye amayenera kupereka chifukwa chimene anamuchotsera.

Chachiwiri, dziwani khomo logogoda. Yambani ku ofesi ya Labour ya m'boma lanu, miyezi itatu isanathe chikuchotsereni. Akalephera kukuyanjanitsani, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khothi loona za ntchito, komwe munthu amatha kudziyankhulira yekha. Ngati mukufuna loya koma thumba silikulola, pali Legal Aid Bureau, yomwe boma linakhazikitsira anthu osowa ndalama. Ngati pantchito panu pali yuniyoni, musaiderere.

Chachitatu, sungani umboni. Kalata yokulembani ntchito, ma payslip, mauthenga a pa WhatsApp ochokera kwa abwana, ngakhale kakope kolembamo nthawi yoyambira ndi yowerukira. Ine ndinalibe n'chimodzi chomwe. Ndipo chonde, musayambe ndi kukalalata pa Facebook n'kutchula maina. Mkwiyo wa tsiku limodzi ungakuonongereni mlandu wabwino, mwinanso kukugwetsani m'tchimo la miseche.

Ena amati Msilamu wabwino sakokerana ndi munthu kukhothi. Ine ndikuona mosiyana. Deen yathu imaletsa kupondereza, ndipo imatenga malipiro a wantchito ngati ngongole yoyenera kubwezedwa msanga. Sabr ndi kusatukwana, kusanama, kusabwezera pobera katundu wa abwana. Kufunsa chako mwaulemu, kudzera njira yoyenera, sikutsutsana ndi sabr. Ukangokhala chete, amene adzalowe m'malo mwako adzakumana nazo zomwezo.

Komanso tisaiwale mbali inayo. Ambirife kwathu kuli wantchito wa pakhomo, mlonda, kapena mnyamata wogulitsa pa okala. Kodi amalandira pa tsiku lake? Amapuma? Lamulo lomweli likuwateteza iwonso, ndipo Allah adzatifunsa za iwo.

Ntchito ya sabata ino: tsegulani Employment Act, werengani gawo 57, kenako mufotokozereni mnzanu mmodzi amene sadziwa Chingerezi. Allah atipatse riziki la halaal ndipo atitalikitse ku kupondereza ndi kuponderezedwa. Ameen.