Phunziro: Msangu, Mtengo Woyoyola Masamba M'dzinja

Pa mitengo ya m'dziko mwathu ulipo umodzi wocita zosiyana ndi inzake. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, thengo lonse liri lobiriwira, msangu umayoyola masamba nuoneka ngati wauma. Mvula ikaleka, udzu uli kufota, ndi pamene iwo umaphuka.

Ophunzira za mitengo amaucha Faidherbia albida. Kale unali m'gulu la Acacia, koma mu 1934 Auguste Chevalier anaupatsa gulu lakelake, naucha dzina la Louis Faidherbe amene anali bwanamkubwa wa Afalansa ku Senegal. Liu lakuti albida litanthauza coyererako, cifukwa nthambi zake zanthete nzotuwa. Uli pa cibale ndi nyemba, nandolo ndi nshawa.

Kuuzindikira ukadali waung'ono ndiyo nkhani yaikulu, pakuti ambiri amausadza pokonza munda poyesa citsamba wamba ca minga. Yang'anani minga: imamera iwiriiwiri, yoongoka, yaifupi ndi yoyera. Ya mthethe njokhota ngati mbedza. Masamba a msangu ndi ang'onoang'ono otuwirako, ndipo kanthambi kake kamakhotakhota pa mfundo iriyonse. Ukakula ungafike mamita 30. Maluwa ake oyera motuwira amabwera nyengo yozizira, ndipo makoko ofiirira, opindika ngati mphete, amagwa kuyambira ca mu Ogasiti kufikira mu Okutobala.

Kwao kwenikweni ndi m'zigwa za mitsinje, pa dothi lakuya lobwera ndi madzi. Amene anafika ku cigwa ca Luangwa kapena ca Zambezi anaona misangu ikuluikulu, njobvu ziri kuigwedeza kuti makoko agwe. Upezekanso m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ndiponso kutali ku Niger, Senegal ndi Ethiopia kumene mvula njocepa. Cinsinsi cake ciri pansi. Muzu wake waukulu umalunjika pansi kufunafuna madzi akuya amene cimanga sicingawafike, ndipo ndi madzi amenewa amene umabiriwira nao m'cilimwe. Cifukwa cake pa mwala kapena pa dothi lolimba pansi umakula mobvutika, ndipo kumtunda kuno sufulumira monga kucigwa.

Nanga m'munda uthandiza bwanji? Mitengo yambiri imapha mbeu ndi mthunzi. Msangu m'dzinja ulibe masamba, motero dzuwa limafika pa cimanga, pamene masamba aja ali kuolera pansi nthawi yomweyo imene mbeu zifuna cakudya. Ku mizu yake kuli timphundu monga tija muona pa mizu ya nshawa, m'mene mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso totenga naitrojeni wa mu mpweya. Ndiwo mcere womwewo umene tigula m'thumba la urea. Onjezani ndowe za ng'ombe zimene zimausa mu mthunzi wake mu Okutobala, ndipo mudzamvetsa cifukwa cake cimanga ca pansi pa msangu cimakhala cobiriwira kuposa ca pambali.

Za ziweto musaziiwale. Caka ca cilala, monga 1992 ndi 2024, msipu umatha msanga. Makoko a msangu amagwa pa miyezi yobvuta yomweyo, ndipo ng'ombe ndi mbuzi zimawakonda kwambiri. Mungathe kuwatola, kuwaumitsa ndi kuwasunga m'masaka.

Koma tinene zoona: msangu sudzacotsa njala ya caka cino. Zaka zoyamba umakula pang'onopang'ono pamwamba cifukwa mphamvu zonse ziri ku muzu, ndipo waung'ono nthawi zina sutaya masamba m'dzinja monga ucitira waukulu. Phindu lake m'nthaka limaoneka patapita zaka zingapo. Ine ndiona kuti munda wa lendi suyenera nchito imeneyi. Bzalani m'munda umene ana anu adzalima.

Njere zake ziri ndi khungu lolimba. Zimene zadutsa m'mimba mwa ng'ombe zimamera zokha, ndipo mukapeza kamsangu kotere m'munda, ingokasiyani ndi kuzikapo cikhomo. Zina palani pang'ono m'mbali ndi mpeni kapena pa mwala, kutali ndi kamaso ka njere, ndi kuziviika m'madzi usiku umodzi. Mbande zisakhalitse m'timapepala ta pulasitiki. Pakapita masabata ocepa muzu umapindika pansi, ndipo mtengo wa muzu wopindika sufika ku madzi. Okani mvula itakhazikika bwino, potalikirana mamita 10 mbali zonse. Imeneyo ndi mitengo 100 pa hekitala, kapena 25 pa lima imodzi. Limirani mozungulira kuti moto wolusa usafike, ndipo ikani minga kuzungulira mtengo uliwonse mbuzi zisanamasulidwe mutakolola.