Pa Njanji Kupita Kumaluwa a ku Toowoomba: Mafunso ndi Mayankho

Chaka chilichonse m'mwezi wa Seputembala, anthu ambiri a ku Australia amakwera mapiri a kumadzulo kwa mzinda wa Brisbane kukaona maluwa ku Toowoomba. Ambiri amapita pa galimoto. Ena amasankha sitima ya pamtunda, m'gulu, ali ndi munthu wowatsogolera. Kabuku kano kakuyankha mafunso okhudza ulendo wachiwiriwu, ndipo mfundo yake ndi imodzi: maluwa a ku Toowoomba amamveka bwino kwa munthu amene waona nthaka, madzi ndi ntchito za m'dera limene awabala, ndipo njanji ndiyo imamudutsitsa m'deralo pa liwiro loti maso n'kuona.

Kodi chikondwerero cha maluwa cha ku Toowoomba n'chiyani?

Toowoomba ndi mzinda wa m'chigawo cha Queensland, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 125 kumadzulo kwa Brisbane. Unamangidwa pamphepete penipeni pa mapiri a Great Dividing Range, mamita pafupifupi 700 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Kutalika kumeneku kumaupatsa nyengo yozizirirako kuposa ya kugombe, ndipo dothi lake lofiira, lochokera ku miyala ya mapiri amene ankaphulika kalekale, n'lachonde. N'chifukwa chake maluwa a kumaiko ozizira, monga tulip, amene sangapirire chifundizi cha ku Brisbane, kuno amachita bwino. Chikondwererochi, chotchedwa Toowoomba Carnival of Flowers, chinayamba mu 1950, pamene amalonda a mumzindawu ankafuna kudzutsa malonda pambuyo pa mavuto a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kuyambira pamenepo pamakhala perete wa magalimoto okutidwa ndi maluwa m'misewu ya pakati pa mzinda, mabedi a maluwa m'mapaki a Queens Park ndi Laurel Bank Park, komanso mpikisano wa madimba a pakhomo, umene eni nyumba amatsegula mageti awo kuti alendo alowe n'kuona. Kale chikondwererochi chinkatenga masiku khumi, koma mu 2021 chinakula n'kudzaza mwezi wonse. Popeza Australia ali kummwera kwa dziko lapansi monga ife, Seputembala ndi nthawi imene chisanu chatha ndipo zomera zikuphukira, nthawi yomweyo imene mitengo ya jakaranda imayamba kuvala maluwa m'misewu ya Lilongwe ndi Harare.

Kodi ulendo wa pa sitima wokhala ndi wotsogolera umayenda bwanji?

Munthu amalipira kamodzi, ndipo mtengowo umaphimba tikiti ya sitima, pogona, zakudya zina, basi yonyamula gulu pamene njanji sifika, ndi wotsogolera amene amayenda ndi gululo kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Ntchito yake ndi yowerenga anthu pokwera ndi potsika, kuonetsetsa kuti katundu wafika kuhotela, kudziwa amene sangathe kukwera masitepe, ndiponso kufotokoza zimene zikuoneka pawindo. Kufunika kwa dongosolo lotere kumaonekera munthu akayang'ana ndandanda ya sitima. Sitima ya anthu imene imadutsa ku Toowoomba nthawi zonse ndi Westlander, yochoka pa siteshoni ya Roma Street ku Brisbane kupita ku Charleville, ndipo imayenda kawiri kokha pa mlungu. Imanyamuka madzulo, choncho imakwera phiri kuli mdima. Wokwera payekha amafika ku Toowoomba usiku osaona kanthu. Amene akufuna kukwera phirilo masana amadalira sitima zapadera, kawirikawiri za mabogi akale, zimene zimakonzedwa m'nyengo ya chikondwerero, ndipo malo ake amatha msanga. Okonza maulendo a magulu ndi amene amasungitsiratu malo oterewa, n'kulumikiza sitima, basi ndi pogona kuti zonse zigwirizane. Pamenepa wotsogolera amachita zimene mlendo wosadziwa dera sangathe kuchita payekha.

Bwanji kutaya maola pa sitima pamene galimoto imafika msanga?

Funso ili ndi lolemera kuposa onse, ndipo manambala ali kumbali ya wofunsayo. Pa msewu wa Warrego Highway munthu amafika ku Toowoomba pasanathe maola awiri, pamene sitima imatenga pafupifupi maola anayi. Ngati cholinga n'kungoima pafupi ndi bedi la maluwa n'kujambulitsa, galimoto yapambana. Koma taonani chimene chimachedwetsa sitimayo. Njanji yoyamba ya ku Queensland inatsegulidwa mu 1865 kuchokera ku Ipswich kufika ku Grandchester, ndipo inafika ku Toowoomba mu 1867. Boma la nthawi imeneyo linalibe ndalama zambiri, choncho linamvera malangizo a injiniya Abram Fitzgibbon n'kuyala njanji yopapatiza, ya mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwirizo, muyeso womwewo umene njanji za ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe zili nawo. Njanji yopapatiza imatha kukhota pafupipafupi, motero m'malo moboola phiri molunjika, imalizungulira. Kuchokera ku Murphys Creek, patsinde pa phiri, sitima imakwawa m'mbali mwa phiri, kulowa m'mphanga zisanu ndi zinayi zoboola thanthwe, magudumu akulira m'makona, mitengo ya bulugamu ili pafupi moti nthambi zake zimaoneka tsamba ndi tsamba. Wokwerayo amamva m'thupi mwake kuti mpweya ukusintha, kutentha kwa m'chigwa kukutsalira kumbuyo. Akafika pamwamba safunikanso kuuzidwa chifukwa chimene tulip amaphukira kuno osati ku Brisbane, pakuti mamita 700 aja wawakwera yekha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Woyendetsa galimoto maso ake amakhala pa msewu ndi pa malole, ndipo phirilo amalimaliza m'mphindi zochepa.

Nanga m'njiramo muli chiyani choti munthu aone?

Sitima ikangodutsa Grandchester n'kutsikira ku Laidley, imalowa m'chigwa cha Lockyer, limodzi mwa madera achonde kwambiri a ndiwo zamasamba mu Australia. Mbali zonse ziwiri za njanji kuli minda ya dothi lakuda, mizere yowongoka ya kabichi, anyezi, karoti ndi mbatata, mipope ikuwaza madzi m'mawa, antchito atawerama m'mizere. Ku Gatton kuli sukulu yakale ya zaulimi imene tsopano ili pansi pa University of Queensland. Ku Helidon amakumbako miyala yamchenga imene inamangira nyumba zina zotchuka za ku Brisbane. Pakati pa phiri pali siteshoni yaing'ono ya Spring Bluff, imene payokha ndi umboni wa mfundo ya kabuku kano. Poyamba inali malo opatukirana sitima ndi omwetsera injini za malasha madzi a pakasupe. Mu 1914 akuluakulu a njanji za Queensland anayambitsa mpikisano wa madimba a m'masiteshoni, ndipo antchito a pa Spring Bluff anasema mabedi m'mbali mwa phiri, kuchotsa miyala ndi manja n'kuthiramo manyowa. Siteshoniyi inaleka kugwira ntchito mu 1992, koma dimbalo likusamalidwabe, ndipo ndi limodzi mwa malo okondedwa kwambiri m'nyengo ya chikondwerero. Apa njanji ndi maluwa zili ndi mbiri imodzi. Kupitirira Toowoomba kuli chigwa chachikulu cha Darling Downs, cha tirigu, mapira ndi thonje, ndipo maulendo ena amatsika kummwera mpaka ku Warwick, mzinda wodziwika ndi maluwa a rozi, kumene gulu la anthu odzipereka limasamala sitima ya malasha.

Kodi wotsogolera ndi wofunikadi, kapena ndi wongokweza mtengo?

Pali anthu amene amati kuyenda m'gulu n'kuyendetsedwa ngati ng'ombe zopita kudibi, ndipo dandaulo lawo lili ndi maziko. Pa ulendo wotere munthu sadzuka pamene wafunira, sakhalitsa pamene pamukomera, ndipo amalipira zambiri kuposa amene wadzikonzera yekha. Wachinyamata wamphamvu, wodziwa kufufuza pa intaneti, akhoza kuyenda bwino popanda womutsogolera. Koma ambiri okwera maulendowa ndi achikulire, ena amasiye, ena oleka kuyendetsa galimoto chifukwa cha maso. Kwa iwo kusankha kuli pakati pa kuyenda m'gulu ndi kukhala pakhomo. Chachiwiri, dziko silidzifotokoza lokha. Munthu akhoza kudutsa ku Grantham n'kungoona mudzi wabata, osadziwa kuti pa 10 Januwale 2011 madzi osefukira anatsika m'mapiriwa, anapha anthu ku Toowoomba, ku Murphys Creek ndi ku Grantham, anaononga njanji ya paphiri ndi malo a Spring Bluff, ndipo pambuyo pake mabanja ambiri a ku Grantham anasamutsidwira pamalo okwera. Akhoza kuima pa Picnic Point ku Toowoomba n'kusirira phiri lathyathyathya la Table Top, osadziwa kuti m'dera limeneli mu 1843 mtsogoleri wa eni nthaka, Multuggerah, anatsekera njira ngolo za azungu amene ankalanda malo. Dera la Toowoomba linali la anthu a mitundu ya Giabal ndi Jarowair kalekale maluwa a ku Ulaya asanafike. Wotsogolera wabwino amanena zimenezi, ndipo mlendo amabwerera kwawo akudziwa mtengo umene kukongolako kunagulidwa nawo. Wotsogolera wongowerenga mitu ya anthu n'kuloza hotela ndiye wokweza mtengo pachabe, choncho munthu ali ndi ufulu wofunsa za iye asanalipire.

Kodi si kuononga madzi kulima maluwa m'dziko la chilala?

Toowoomba amalidziwa funso limeneli kuposa wina aliyense. Mzindawu uli pamwamba pa phiri, ndipo madzi ake amachita kupopedwa kuchokera m'madamu a Cooby, Perseverance ndi Cressbrook. Pa chilala chachikulu cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 madamuwa anaphwa kwambiri, mpaka mu Julayi 2006 anthu anaponya voti pa ganizo loti madzi a m'zimbudzi aziyeretsedwa n'kubwezeredwa m'damu. Pafupifupi anthu 62 pa 100 alionse anakana. Yankho linadza mu 2010 pamene anamaliza kuyala mpope wochokera ku damu la Wivenhoe. M'zaka zonsezo chikondwerero sichinaleke. Wina anganene kuti kumeneko kunali kuuma mutu, koma pali njira ina yoonera nkhaniyi. Maluwa ndi amene amabweretsa alendo, alendo ndi amene amadzaza mahotela, malo odyera ndi masitolo, choncho madzi othirira mapaki amabweza ndalama monga momwe madzi othirira kabichi ku Lockyer amabwezera. Komanso dimba ndi sukulu ya kasamalidwe ka madzi. Wolima maluwa m'chilala amaphunzira kuphimbira nthaka, kukolola madzi a padenga ndi kusankha mbewu zopirira. Apanso wokwera sitima ali ndi mwayi womvetsa, chifukwa wadutsa m'minda yothirira ndi pa mitsinje imene chaka china imauma, chaka china n'kusefukira. Akaona bedi la maluwa amadziwa kuti dontho lililonse linachita kukwezedwa phiri.

Kodi madera a kumidzi amapindulapo chiyani?

Galimoto yothamanga pa msewu waukulu siima m'matauni aang'ono, ndipo kuyambira mu 2019 pali msewu wolambalala ngakhale Toowoomba yemwe. Gulu loyenda pang'onopang'ono limatsika, limamwa tiyi, limagula uchi ndi jamu, limagona usiku. Si bwino kukokomeza: mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo mwezi umodzi wa maluwa sungadyetse tauni chaka chonse. Ndalama zina zimatsalira kwa okonza ulendo a mumzinda waukulu. Komabe pali phindu limene limakhalitsa. Injini za malasha ndi mabogi akale amasamalidwa makamaka ndi anthu odzipereka, monga a DownsSteam ku Toowoomba, ndipo matikiti a alendo ndi amene amagula malasha, utoto ndi zitsulo. Njanji imene anthu akuikwera imakhala ndi oiyankhulira pamene boma likuganiza zodula ndalama. Chimodzimodzinso mwini dimba la pakhomo amene wagwada miyezi yambiri akupalira: chimene chimamulimbitsa kuti abzalenso chaka chamawa ndi anthu oima pageti pake n'kufunsa dzina la duwa.

Wofuna ulendo wotere afunse chiyani asanalipire?

Afunse kuti ndi mbali iti ya ulendo imene ili pa njanji ndipo ndi iti imene ili pa basi, popeza maulendo ena amatchedwa a sitima pamene sitimayo ndi ya maola ochepa. Afunse ngati phiri la pakati pa Murphys Creek ndi Toowoomba adzalikwera masana, ndiponso ngati padzakhala nthawi yotsika pa Spring Bluff. Afunse za masitepe a mabogi akale ngati miyendo ndi yofooka, komanso chimene chidzachitike sitima ya malasha ikaletsedwa chifukwa cha kuopsa kwa moto wa m'tchire. Atenge chovala chofunda, pakuti m'mawa wa Seputembala pamwamba pa phiri pamazizira ngakhale dzuwa likuwala. Asungitse malo miyezi ingapo nthawi isanakwane, makamaka ngati akufuna kuona perete. Ndipo pokwera apemphe mpando wa pawindo, chifukwa chikondwerero chake chidzayambira m'minda ya kabichi ya ku Laidley, maola angapo asanaone duwa loyamba la ku Queens Park.