GALU WODZIWA KULUMA NDI KULEKA

Anthu ambiri ayesa kuti galu wabwino wolonda pakhomo ndiye uja wolusa, amene ammanga pa unyolo usana wonse, nammana cakudya, nammenya kuti akwiye. Koma galu wotere aluma cifukwa ca mantha, ndipo tsiku lina adzaluma mwana wa mbuyace. Ku dziko la Germany kunayamba kaphunzitsidwe kena ka agalu, kamene tsopano kafala m'maiko ambiri.

M'caka ca 1899 Max von Stephanitz, amene kale anali mkulu wa asilikali a pa akavalo, anayambitsa bungwe la oweta agalu obusa nkhosa. Ndiwo agalu aja a makutu oimirira amene Angelezi anawapatsa dzina lakuti Alsatian. Iye sanafune galu wokongola cabe ai, anafuna galu wa nchito. Motero m'caka ca 1901 kunacitika mayeso oyamba a Schutzhund, ndiko kunena kuti galu woteteza. Lero mayesowa ndi masewera a mpikisano, ndipo kuyambira 2019 adziwika ndi dzina lakuti IGP.

Mayeso ali ndi zigawo zitatu, ciri conse ca malikisi 100, ndipo galu ayenera kupeza 70 m'cigawo ciri conse. Poyamba alondola mapazi a munthu ndi mphuno, nasonyeza tinthu timene munthuyo anagwetsa. Kenaka aonetsa kumvera: ayenda pambali pa mbuyace, akhala, agona, alumpha mpanda wa mita imodzi, ndipo mfuti ikalira sanjenjemera.

Cigawo cacitatu ndico cidodometsa oonerera. Munthu wobvala zocindikala, amene mkono wace uli m'cikono colimba cokutidwa ndi ciguduli, abisala kuseri kwa cochinga. Galu amfunafuna. Akampeza saloledwa kumluma, koma aima pamaso pace nauwa kosalekeza kufikira mbuyace afike. Munthuyo akathawa kapena akaukira, pamenepo galu amgwira pa cikono ndi kamwa lonse. Tsono ifika nthawi yobvuta koposa. Munthu uja aima cete, mwini galu anena liu limodzi, "Aus!", ndipo galu ayenera kuleka, ngakhale ndeu yamkomera. Galu amene akana kuleka atauzidwa katatu acotsedwa m'mayeso, ndipo malikisi onse amene anapeza m'zigawo zina atayika.

Maphunziro ayamba galu akali kamwana ka masabata 8. Mwini ayenda nako pakati pa anthu, ana ndi magalimoto kuti kazolowere. Aponda pa udzu naika tinyama m'mapazi mwace, kuti kaphunzire kuika mphuno pansi. Akoka kansanza pa nthaka monga mbewa yothawa. Kagalu kakambwandira, iye alimbana nako pang'ono, nakalola kuti kapambane ndi kuthawa nako kansanzako. Kagalu kopambana kawiri kawiri kakula kolimba mtima. Pakati pa miyezi 4 ndi 6 mano a ubwana aguluka, ndipo mphunzitsi wanzeru ayamba waleka masewera okokana, pakuti nkhama ziri kuwawa, ndipo kagalu kakamva ululu poluma kadzaopa kugwira. Kuleka nako kuphunzitsidwa ndi masewera, si ndi ndodo ai. Kagalu kakalabvula kansanza, pomwepo kalandira kena, kapena kukokana kuyambanso. Posacedwa kazindikira kuti kakaleka sikataya kanthu.

Galu saloledwa kulowa mayeso oyamba a IGP asanakwanitse miyezi 18. Asanafike apo ayenera kupambana mayeso a khalidwe, m'mene amyendetsa pa mseu pakati pa anthu, njinga ndi agalu anzace. Galu wolumphira anthu odutsa abwerera kwao, cinkana mano ace akhale akuthwa motani.

MAFUNSO

1. Kodi Max von Stephanitz anafuna galu wotani?
2. Galu acita ciani akapeza munthu wobisala uja?
3. N'cifukwa ninji mphunzitsi alola kagalu kupambana pokokana?
4. Fotokozani m'mene aphunzitsira kagalu kuleka cimene kagwira.