Phunziro 17: Udzu wa Pansi pa Madzi

Anzathu, sabata yatha tinawerenga za kukumba dziwe la nsomba. Lero tilowa m'madzi momwemo. Tiwerenga za udzu umene umamera pansi pa madzi. Tiwerenge pang'onopang'ono. Amene wafulumira adikire mnzake.

Udzu umenewu si bango ayi, si kakombonso. Bango limaima m'madzi koma mutu wake uli kunja. Kakombo amayala masamba pamwamba. Udzu wathuwu moyo wake wonse uli pansi. Masamba ake ndi aatali, opyapyala ngati lamba, ndipo onse amaphukira pa tsinde limodzi, pamatope. M'mabuku dzina lake ndi Vallisneria. Dzinalo lisativute. M'kalasi muno tizingoti udzu wa malamba. Anzathu a ku Metangula amauona m'mbali mwa nyanja ya Niassa, pamchenga posaya. Mu Zambezi ulimonso, m'malo amene madzi amayenda modekha.

Wina afunsa: kodi udzu n'kubzala? Kumunda tikulimbana nawo, ndiye tikaudzalenso m'madzi? Inde, tikaudzale. Pa nsomba zathu pali chilunguni, mtundu wa pende wofiira pachifuwa. Chilunguni ndi mbuzi ya m'madzi, chimadya masamba. Gaga wa chimanga amatha msanga, ndipo nkhuku ndi nkhumba zimamufunanso. Udzu umene tadzibzalira tokha sufuna ndalama.

Palinso china. Nsomba nazo zimapuma. Mpweya umene zimapuma, okosijeni, uli m'madzi momwemo. Dzuwa likawala, udzuwu umatulutsa mpweyawo. Mukayang'anitsitsa masana mudzaona timathovu tikukwera kuchokera pamasamba. Koma usiku zimatembenuka: udzu nawo umayamba kutenga mpweya. Ukachulukitsa m'dziwe, mbandakucha mudzapeza nsomba zili pamwamba, kukamwa yasa, zikufuna mpweya. Mfundo imeneyi tiisunge.

Ife chaka choyamba tinalakwa, ndipo sitibisa. Tinatenga mbande zathu n'kuzibzala m'dziwe lalikulu, momwe munali chilunguni. Sabata isanathe, mbee, zonse zinadyedwa mpaka patsinde. Tinabzalanso pakona, n'kutchinga ndi mpanda wa bango. Koma m'dziwemo tinkathira manyowa, madzi n'kukhala obiriwira. Udzu uja unachita chikasu, kenaka unaola. Tinakangana pamsonkhano. Ena ankati mbande zinali zoipa. Mayi wina wa m'kalasi mwathu ndiye anatitsegula maso. Anati: "Inu abambo, chimanga chimabereka pansi pa mtengo wa mango?" Anali atalasa. Madzi obiriwira ndi abwino kwa nsomba, chifukwa kubiriwirako ndi tindere ting'onoting'ono timene makumba amadya. Koma tindereto timatchinga dzuwa, ndipo udzu wa pansi umafa ndi mthunzi.

Choncho udzu ukhale ndi kadziwe kakekake. Tikumbe kumtunda, kumene madzi amayambira kulowa asanafike ku dziwe la nsomba. Mamita 3 m'mbali, mamita 4 m'litali n'kokwanira poyamba. Madzi ake ayambire m'mawondo, asapitirire m'chiuno. Pasakhale mtengo wopereka mthunzi. Muno manyowa sitithira m'madzi, chilunguni sitiikamo. Potulukira madzi tiikepo sefa kuti nsomba zisakwere. Kuyesa kwake n'kosavuta. M'dziwe la nsomba, tikamiza mkono kufika m'chigongono, chikhatho chizibisika. M'kadziwe ka udzu, tiziona pansi penipeni.

Nthawi yabwino yobzala ndi pamene kwayamba kufunda, mu Seputembala kapena Okutobala. Kumapiri ngati ku Angónia, mu Juni ndi Julayi madzi amazizira ndipo udzu umakula mwaulesi. Pansi pa kadziwe tiyale dothi la kudimba, pamwamba pake mchenga pang'ono kuti madzi asamachite matope. Mbande tizule ndi mizu yake, tiyende nazo m'ndowa ya madzi. Zikauma, basi zatha. Pobzala tilowetse mizu yokha m'dothi. Pamene pakumana mizu ndi masamba, poyererapo, tisakwirire. Ambiri amalakwa pomwepa: amakwirira mozama ngati chinangwa, tsinde n'kuola. Tisiye mpata wa chikhatho chotambasula pakati pa mbande. Ikamayandama, tiipsinje mizu ndi kamwala.

Masamba oyamba akhoza kufota. Tisazule, tidikire. Atsopano amatuluka pakati. Ikagwira, mbande imatumiza timitsitsi toyenda pamatope ngati kapinga, ndipo pa mfundo iliyonse pamaphuka mwana. Umu ndi mmene kadziwe kamadzazira.

Tipatuke pang'ono, chifukwa ichi n'chokoma kuchidziwa. Udzuwu uli ndi waumuna ndi waukazi. Duwa lachikazi limakwera pamwamba pa madzi pa kachingwe kakatali. Timaluwa tachimuna timathothoka pansi, n'kuyandama mpaka kukagunda lachikazi lija. Zikatero kachingwe kamapotana n'kukokera chipatso pansi. Tikadzaziona, tidzaitane ana a sukulu adzaone.

Kukolola kwake si kumweta ngati udzu wofolera. Tsamba lodulidwa pakati kawirikawiri limaola kunsonga. Ndi bwino kuthyola masamba aatali a kunja, patsinde, kapena kuzula mbande zathunthu pamene zathithikana. Theka lizitsala nthawi zonse. Zokololazo tikaponye m'dziwe la nsomba m'mawa, zongokwanira tsikulo. Zotsala tizivuula madzulo kuti zisaolere m'madzi.

Tsopano tafika pa nkhani yaikulu. Apa aliyense atchere khutu. Pamene pali udzu wa m'madzi, nkhono zimabwera. Nkhono zina zazing'ono zimasunga likodzo. Zina ndi zophwatalala, zozungulira ngati nkhata. Zina ndi zonga njere ya nyemba. Likodzo limayenda chonchi. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi pafupi ndi madzi, mazira a nyongolotsi amalowa m'madzi n'kuswa. Tizilomboto timalowa mu nkhono. Pakapita masabata angapo timatuluka tambirimbiri, n'kuboola khungu la aliyense woponda m'madzimo. Sitioneka ndi maso. Mwana akukodza magazi si kukula ayi, ndi matenda. Apite kuchipatala. Mankhwala alipo, dzina lake praziquantel.

Ndiye tisabweretse likodzo ndi manja athu. Mbande zochokera kumtsinje zisalowe m'kadziwe tsiku lomwelo. Tizitsuke, tiyang'ane tsamba lililonse kuwiri konse. Mazira a nkhono amamatirira patsamba, oterera ngati mamina. Tiwapale. Kenaka mbande zikhale m'beseni lalikulu la madzi a pachitsime, pamalo owala, masabata 2. Tizisintha madzi, ndipo kankhono kalikonse kooneka tikaphwanye. Ogwira ntchito m'kadziwe avale majombo, alowe m'mamawa, chifukwa tizilombo timatuluka kwambiri dzuwa likakwera. Potuluka apukute thupi msanga. Chimbudzi cha koperativa chikhale kutali, kumunsi kwa maiwe. Ana asasambe muno. Udzu wa m'mphepete tiziusenga kuti nkhono zisowe pobisala.

Pali udzu wina wa pansi pa madzi umene udzabwera wokha. Ulibe mizu, masamba ake ndi timinga tofewa tozungulira tsinde, ngati mchira wa mphaka. M'mabuku ndi Ceratophyllum. Umenewu nkhono zimaukonda zedi. Ku Senegal ofufuza anagwira ntchito ndi anthu a m'midzi, kuuvuula pamadooko otungira madzi. Zimene analengeza mu 2023 n'zakuti likodzo linachepa pakati pa ana a sukulu, ndipo udzu wovuulidwawo unasanduka kompositi ndi chakudya cha ziweto. Ifenso titero. Tikauona, tiukoke ndi chipangizo cha mano, tiuyanike padzuwa kutali ndi madzi kuti nkhono zife, kenaka upite pa mulu wa kompositi wa kudimba.

Zoyandama zokongola nazo tisatengeke nazo. Namasupuni ali ndi duwa labwino, koma anachokera ku South America ndipo amatseka madzi onse. Pa nyanja ya Kariba, chomera china choyandama, Salvinia, chinaphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a nyanjayo mu 1962. Ngati chinatero panyanja, nanga kadziwe ka mamita 4?

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Tigawane magulu awiri. Gulu loyamba likayese malo a kadziwe ndi chingwe, lilembe mamita m'kope. Gulu lachiwiri likayendere dziwe la nsomba mbandakucha masiku 3, lilembe ngati nsomba zili pamwamba kapena ayi. Aliyense alembe mawu awa m'kope lake: udzu, dziwe, mbande, nkhono, likodzo. Ndipo tibwere titaganizira funso ili, tidzakambirane Lachisanu: pa koperativa yathu ino, ndani azisunga majombo, ndipo ndani aziyang'ana nkhono sabata iliyonse?